Ndidamvera Baibulo mpaka mpamba kutha, koma chitini changa chidali chakuba

Abale anzanga a pamsika, nkhani ndikufuna ndikuuzeni lero ndi yondichititsa manyazi ine mwini wakene, koma poti wakutsina khutu ndi mnansi, ndati ndingoilemba basi. Ine ndimagulitsa nyemba, mpunga ndi nandolo wouma, ndipo pabenchi ndakhalapo zaka 11. Kutchalitchi ndimapita, kukwaya ndimaimba besi, moti mukadandifunsa chaka cha 2023 ngati ndili Mkhristu, ndikadayankha mokweza mpaka a kunsomba nkumva.

Mukukumbukira kuti mu November chaka chimenecho kwacha yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Katundu adakwera usiku umodzi, makasitomala nkumangofunsa mtengo, kupukusa mutu, nkumapita. M'masiku amenewo pamsika pathu padafika mlaliki wina, mwa aja amaima pakati pa mabenchi nthawi ya nkhomaliro, Baibulo dzanja lino, chinkuzamawu dzanja linalo.

Uthenga wake udali wa Ufumu wa Mulungu. Iye adati ufumu uliwonse umakhala ndi mfumu komanso malamulo ake, ndipo mfumu ikalankhula pabwalo palibe amene amaimirira nkunena kuti "koma". Kenaka adatiloza tonse ndi chala: "Vuto lanu Akhristu a masiku ano ndi 'koma'. Yesu akalamula chinthu, inu mumati n'zoona, koma nthawi zasintha. N'zoona, koma geni ndi geni. Mawu muwatenge monga momwe adalembedwera!"

Adatsegula Mateyu 5:42 ndi Luka 6:30 mpaka 35, pamene Ambuye akuphunzitsa kuti munthu wopempha apatsidwe, wofuna ngongole asafulatiridwe, ndipo wokongoza asamadikire kubwezeredwa. Mawuwo adandilasa, chifukwa pabenchi panga padali chikatoni cholembedwa kuti ngongole mawa. Tsiku lomwelo ndidachichotsa nkuchiponya kudzala, ndipo ndidalonjeza Mulungu kuti kuyambira pa 1 December aliyense wondipempha ndimupatsa, popanda "koma".

Tsono inu mukudziwa kuti pamsika nkhani imathamanga kuposa minibasi. Sabata yoyamba kudabwera anthu ovutikadi, amayi amasiye ndi anyamata osenza katundu. Sabata yachiwiri kudayamba kufika a nsapato zopolisha, ati malipiro achedwa, tipereka pa 27. Alamu anga nawo adatulukira nkunyamula theka la thumba la mpunga, ati ndi wa chinkhoswe. Ngakhale mnzanga wina wogulitsa nyemba ngati ine ndemwe adatuma mwana wake kudzakongola kwa ine, nkukathira pabenchi pake!

Pofika pa Khrisimasi, m'kabuku mwanga mudali mayina 43. Amene adabweza adali 7 okha. Pa matumba 6 amene ndidayamba nawo mweziwo padatsala thumba limodzi ndi theka, ndipo ndalama yokaodera ena padalibe. Mu January mwana wathu wa Fomu 3 ankafunika fizi. Mayi a kunyumba sadandikalipire ayi, adangondifunsa funso limodzi usiku: "Bambo a ana, m'Baibulo mwanumo mulibe vesi ya ife?" Ndidasowa choyankha.

M'mawa mwake ndidakhala pabenchi nditagwira tsaya. Moyandikana nane pamakhala mayi wina wachikulire wogulitsa usipa ndi bonya, amene tonse timangomutchula kuti Agogo. Ndidayamba kuwadandaulira kuti ine ndamvera Mulungu mawu ndi mawu, koma onani wandisiya pamtetete.

Agogo sadayankhe msanga. Adatambasula dzanja nkutenga chitini changa choyezera nyemba, nkuchitembenuza. Kunsi kwake kudali kolowa m'kati, poti ndidachikhoma ndi mwala zaka zapitazo monga tambiri timachitira. Adachidzaza nyemba mpaka pakamwa, nkukhuthulira m'chitini china cha mtundu womwewo chosakhoma. Nyembazo zidalekezera patali ndi pakamwa, mpata wolowa zala ziwiri.

"Mwana wanga," adatero, "anthu amene wawapatsa mwezi uno ndi 43. Nanga amene wawayezera ndi chitini ichi zaka zonsezi ndi angati? Ndiye ukuti wamvera mawu ndi mawu?"

Ndidafuna kunena kuti Agogo, n'zoona, koma aliyense amachita. Mawuwo adandikakamira pakhosi, chifukwa ndidazindikira kuti ndi "koma" yemwe uja.

Muyenera kudziwa kuti Agogo si munthu wongolankhula za kumvera asakudziwa mtengo wake. Iwo ndi a Mboni za Yehova, ndipo inu achikulire mukudziwa zomwe anthu amenewa adaona m'dziko muno. Mpingo wawo udaletsedwa mu 1967. Iwo ankakana kugula khadi la chipani cha MCP ponena kuti Ufumu umene amatumikira si wa dziko lino, pomwe masiku amenewo achinyamata a chipani ankaima pachipata cha msika kufunsa khadi, wopanda khadi osalowa. Mu 1972 a Mboni zikwizikwi adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, nyumba zitaotchedwa, ntchito zitatha, ena ataphedwa. Chiletsocho chidachotsedwa mu August 1993. Ine sindine wa Mboni ndipo pa ziphunzitso zambiri timasiyana, koma munthu amene adataya munda ndi nyumba chifukwa cha kakhadi akamakuuza za kumvera, umatchera khutu.

Madzulo a tsiku limenelo ndidatsegula Baibulo kufunafuna za miyeso, ndipo ndidadabwa kuti nkhaniyi yangoti mbwee. Deuteronomo 25:13 mpaka 16 akuletsa munthu kusunga miyeso iwiri, waukulu ndi waung'ono. Ameneyo ndiye ine ndendende: chitini chokaodera kumudzi chidali chotupa m'mbali, chogulitsira m'tauni chokhoma kunsi. Miyambo 11:1 akuti sikelo yobera imamunyansa Mulungu. Mneneri Amosi pa mutu 8 akudzudzula amalonda amene Sabata limawatalikira poti akufuna atsegule geni, amene amachepetsa muyeso nkukweza mtengo, mpaka kugulitsa ndi zosesa pansi zomwe. Ngakhale wogula sadasiyidwe: Miyambo 20:14 akunena za munthu amene amanyoza katundu pomugula, akangokhota pakona nkuyamba kudzitama kuti wamupeza motchipa.

Nanga za kulumbira? Pa mutu 5 womwe uja wa Mateyu, vesi 34 mpaka 37, Yesu akuletsa malumbiro, akuti inde wa munthu akwanire payekha. Koma ndani mwa ife sadanenepo kuti "Mulungu akundiona, ndaoda modula" pomwe akudziwa kuti akunama? Ine ndinkalumbira choncho kasanu dzuwa lisadafike pamutu, uku ndikugulitsa mpunga wamba wosakaniza ndi Kilombero pang'ono pamwamba kuti uzinunkhira.

Apa ndi pomwe ndidaona chinyengo cha mtima wanga. Lamulo lopatsa ndidalithamangira chifukwa limaoneka, anthu ankaloza kuti uyo ndiye Mkhristu weniweni. Lamulo la chitini ndidalilumpha chifukwa limachitikira kunsi, kumene kulibe woombera m'manja. Pa malamulo awiriwa, limene silifuna abusa kuti alimasulire ndi la chitini lomwelo. Mulibe fanizo m'menemo, mulibe mwambi. Muyeso ukhale wokwana, basi.

Mwina wina afunsa kuti kodi mawu onse a Yesu tiziwachita monga momwe akumvekera? Funsoli si la lero. Pa Mateyu 5:29 ndi 30 pali mawu a kuchotsa diso ndi kudula dzanja lochimwitsa, koma sindidaonepo mpingo umene akhristu ake onse ndi a diso limodzi. Wolemba mbiri ya mpingo Eusebius adasimba kuti mphunzitsi wotchuka wa ku Alexandria, Origen, ali mnyamata adadzifula yekha atawerenga Mateyu 19:12. Atakula, Origen yemweyo adalemba zotsutsa kumva vesiyo mwa njira imeneyo, ndipo msonkhano wa mabishopu wa ku Nicaea mu 325 udakhazikitsa lamulo lakuti munthu wodzifula dala asakhale mtsogoleri mu mpingo. Yesu mwiniwake pa Maliko 7:21 adaphunzitsa kuti zoipa zimachokera mumtima. Ndiye kuti ngakhale utachotsa maso onse awiri, dyera likhalabe pomwe lidali. Mawu aja ndi okuuza kuti tchimo ulithawe ngakhale zikupweteke, ndipo kwa ine dzanja lofunika kudula lidali chitini chija.

Komatu tisathawire pamenepa nkumati ndiye kuti zonse zovuta ndi mafanizo. Alipo amalonda amene adamvera mawu ovutawo zenizeni. Cha m'ma 1173 mumzinda wa Lyon ku France mudali mkulu wina wolemera dzina lake Waldo, amene mbiri yakale imati chuma chake china adachipeza pokongoza ndalama mwa katapila. Atamva mawu a pa Mateyu 19:21 onena za kugulitsa zonse nkupatsa osauka, adachitadi. Koma taonani ndondomeko yake: mkazi wake adamusiyira minda ndi nyumba, ana ake aakazi awiri adawapezera pokhala, amene adawadyera mosayenera adawabwezera, ndipo zotsalazo ndi zimene adagawira amphawi. Mpingo wa otsatira ake, a Waldensian, ulipo mpaka lero ku Italy.

Zakeyu naye pa Luka 19 sadangolonjeza kupatsa osauka theka la chuma chake, adalonjezanso kubweza kanayi kwa aliyense amene adamubera. Paulo pa Aefeso 4:28 adazindandalika bwino: wakuba ayambe wasiya kuba, agwire ntchito ndi manja ake, kenaka akhale ndi chogawira osowa. Ine ndidayambira kumchira. Ndinkagawa nyemba zimene zina mwa izo zidali za makasitomala anga omwe. Ndipo vesi ya mayi a kunyumba ija ndidaipeza, ili pa 1 Timoteo 5:8, pomwe akuti wosasamala a m'banja mwake waposa wosakhulupirira kuipa.

Chinanso chomwe chidandilimbitsa mtima n'chakuti Ufumu wa Mulungu sudana ndi geni. Okhometsa msonkho atapita kwa Yohane Mbatizi pa Luka 3 kukafunsa chochita, iye sadawauze kuti asiye ntchito, adangoti asamalipiritse kuposa zoikidwa. Lidiya wa pa Machitidwe 16 adali mayi wogulitsa nsalu zodula. Yesu pofotokoza Ufumuwo pa Mateyu 13 adaufanizira ndi wamalonda wofuna ngale, komanso ndi mayi wothira chotupitsa mu ufa. Ndiye ngati Ufumuwo uli pakati pathu monga akunenera Luka 17:21, pabenchi ulipo, pasikelo ulipo, pansi pa mulu wa tomato pamene timabisa woola ulinso pomwepo.

Tsono ndidatani? Chitini chokhoma chija ndidachiphwanya ndi mwala womwe uja, ndipo tsopano chokaodera ndi chogulitsira n'chimodzi. Kilombero ali m'thumba mwake, mpunga wamba m'thumba mwake, uliwonse ndi mtengo wake. Kulumbira ndikuyesetsa kusiya, ngakhale lilime lidazolowera. Amene ndidawabera zaka zonsezo sindingawapeze onse, choncho makasitomala akale ndikawazindikira ndimawathirira basela wamkulu, ndipo angapo ndidawauza chifukwa chake. Mayi wina adaseka nkunena kuti ankadziwa kalekale, ankangosowa kwina kogula poti zitini zonse pamzere wathu n'zofanana. Mawu amenewo adandipweteka kuposa kutha kwa mpamba.

Sindikunamizani kuti Mulungu adanditsegulira mazenera a kumwamba sabata yomweyo. Ayi ndithu. Thumba limene kale linkatulutsa zitini zambiri tsopano limatulutsa zochepa, ndipo phindu lidatsika. Fizi ya mwana tidalipira mochedwa, ndi ndalama ya chipeleganyu cha mayi a kunyumba. Zidanditengera miyezi 8 kuti ndibwerere pa matumba 6. Anzanga ena pamzere adandida, ati ndikuwaonongera msika, ndipo mmodzi mpaka lero sandipatsa moni.

Za kupatsa sindidazitaye, chifukwa vesi ija ikadali m'Baibulo ndipo sindingaifufute. Chikatoni cha ngongole mawa sindidachibwezeretse. Tidagwirizana ndi mayi a kunyumba kuti tsiku lililonse ndizipatula mbale ya nyemba ya osowa, ndipo imeneyo ndimapereka osalemba m'kabuku, poti akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Wa nsapato zopolisha akabwera ndimamuuza zoona, kuti mpambawu ndi umene ukudyetsa ana anga. Ngati pamenepa ndikulakwitsa, Mwiniwake andiweruza, ndipo ndikuvomera kuti nthawi zina mtima umandigunda munthu akabwerera chimanjamanja. Bola kugunda kumeneko kusiyana ndi mtendere wabodza umene ndidali nawo.

A bungwe la Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo nkumawadinda, koma chitini, mbale, kapu ndi mulu alibe wozidinda. Zimenezo zili pakati pa iwe ndi Mulungu wako. Choncho inu anzanga a nyemba, a ufa, a makala, a mafuta oyeza, a tomato, ngakhalenso inu ogula chimanga kwa alimi ndi sikelo yoimika pamtengo, Lamulungu likubwerali musananyamule Baibulo kupita kutchalitchi, tayambani mwatembenuza chitini chanu muone kunsi kwake.