Kusiya Tala, Kutsata Fumbi la ku Bua

Tinanyamuka pa boma la Mchinji Sande m'mamawa, mwezi wa Julaye, chisanu chikuluma zala. Tinalipo asanu ndi awiri: aphunzitsi awiri, namwino, mkulu wa mpingo amene ali ndi golosale pamsika, mayi wa Dorika, ndi anyamata awiri a Pathfinder amene tinawatenga chifukwa amadziwa kumata chubu. Njinga zathu zinali zomwe mumazidziwa zija, zakuda, za kaliyala, zopanda magiya. Ya akulu a mpingo inali itagona zaka zitatu m'chipinda chosungiramo chimanga, chigulireni iwo njinga yamoto.

Ulendowu unayamba chifukwa cha iwo. Kuchipatala anali atawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, ndipo pamwamba pa mankhwala anawalangiza kuti achepetse mchere ndiponso kuti thupi lizigwira ntchito. Iwo anati kuthamanga m'bwalo la mpira sangathe, ana angawaseke. Namwino ndiye anafunsa kuti, "Nanga njinga ija munaitaya, abambo?"

Pa tala tinangoyendapo pang'ono. Msewu wa M12, wochokera ku Lilongwe kukafika kumalire a Zambia ku Mwami, si wochitirapo masewera. Thiraki ikamadutsa, mphepo yake imakukankha, ndipo wapanjinga amangothawira m'mbali mtima uli m'mwamba. Titapatukira kumsewu wafumbi, kenako kukanjira ka m'minda, phokoso lonse linatsala kumbuyo. Tinayamba kumva matayala athu akutafuna timiyala, njiwa zikulira, ndi belu la mnyamata wakutsogolo.

Mtsinje wa Bua umayambira m'boma lino. Ukakafika ku Nkhotakota, kumene umadutsa m'nkhalango ya nyama nkukathira m'nyanja ya Malawi, ndi mtsinje waukulu woopsa kuwoloka. Kuno kwawo ndi wofatsa. Umayenda mwaulesi m'madambo otakasuka, ukutola timitsinje, ndipo wina mwa mitsinje imene imauthira madzi, Rusa, ndi wa komkuno. Dziko lotere ndi lokomera njinga: zitunda zake n'zazitali koma zosakwera kwambiri, ndipo ukafika pamwamba maso amapenya kutali, mpaka kumapiri a kumalire.

M'mawa umenewo nkhungu inali itagona m'dambo ngati thonje. Tinadutsa madimba a mpiru, tomato ndi nzimbe, anthu akuthirira ndi makheni. M'minda munali mapesi okhaokha, ndipo pamakomo ambiri anali atayanika mtedza, umene Mchinji amatchuka nawo. Pa maola atatu tinakumana ndi ngolo ziwiri, njinga zamoto zingapo ndi gulu la ng'ombe limene linatiimitsa osapepesa. Galimoto ayi, ngakhale imodzi.

Chodabwitsa n'chakuti anthu a kunja amalipira ndalama zambiri kufunafuna zimenezi. Ku America, m'tauni ya Emporia ku Kansas, kuli mpikisano wa njinga wa m'misewu yamiyala wotchedwa Unbound Gravel, umene unayamba mu 2006, ndipo ulendo wake wotchuka ndi wa mamailosi 200. Mu 2022, ku Italy kunachitika mpikisano woyamba wa dziko lonse wa njinga za m'fumbi. Amene amakonda zimenezi amati akuthawa magalimoto, akufuna mpweya wabwino ndi bata. Ife bata limenelo lili kuseri kwa nyumba, koma tikuliona ngati umphawi. Munthu akangoyamba kupeza bwino, chinthu choyamba kuchitaya ndi njinga yakapalasa. Ngakhale kutchalitchi, mtunda woyenda pansi, tikupita pa kabaza wamoto.

Apa tinene chilungamo. Nkhani iyi sitikulembera bambo amene amapalasa tsiku lonse atanyamula matumba a soya kupita nawo ku Kamwendo kapena ku Mkanda, kapena wakabaza amene amadyetsa banja ndi miyendo yake. Amenewo chimene akusowa ndi mpumulo, chakudya chokwanira ndi mabuleki abwino. Tikulankhula ndi ife amene takhala pansi: a m'maofesi, a m'mashopu, aphunzitsi, ngakhalenso abusa. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Bungwe lomweli limalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu. Kupalasa theka la ola masiku asanu kwakwaniritsa kale nambala yoyambayo, ndipo mawondo savutika monga amachitira pothamanga, chifukwa chishalo ndicho chimasenza thupi.

Ife a Adventist tilibe pothawira. M'buku la The Ministry of Healing la mu 1905, Ellen G. White anatchula zinthu zisanu ndi zitatu zochiritsa zimene Mulungu anatipatsa, ndipo mwa izo muli mpweya wabwino, dzuwa, madzi ndi kulimbitsa thupi. Timaziphunzitsa bwino kwambiri pa Sabata la zaumoyo. Kuzichita ndiye kumativuta.

Pa chitunda chachiwiri akulu a mpingo anatsika nkuyamba kukankha njinga, thukuta lili kamukamu. Palibe anaseka. Namwino anali atatiuza kale muyeso wake: ngati ukutha kulankhula ndi mnzako uku ukupalasa, uli bwino, ngati mawu akuduka, chepetsa. Ndipo amene akumva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena befu wachilendo aime pomwepo, akaonane ndi dokotala. Wa BP kapena shuga ayambe wafunsa kuchipatala asanayambe maulendo otere, asasiye mankhwala poganiza kuti njinga yalowa m'malo mwake, ndipo wa shuga asayende wopanda kanthu kodya m'thumba. Tinadikira pansi pa mtengo wa mango, tikudya nthochi ndi mtedza wokazinga, mpaka mpweya wawo unabwerera.

Agogo ena amene ankasenda nsungwi pafupi anatiyang'ana nthawi yaitali.

"Wawa, ana anga. Kodi kwagwa zovuta?"

"Ayi agogo, tikungoyenda."

"Kungoyenda? Opanda katundu?"

Anapukusa mutu nkubwerera ku nsungwi zawo.

Pamalo ena kanjira kanalowa m'madzi ofika m'mawondo. Anyamata anafuna kuvula nsapato, koma namwino anakana kwamtuwagalu. Madzi odekha a m'dambo, okhala ndi udzu ndi nkhono, ndiwo nyumba ya likodzo, ndipo tizilombo take timalowa pakhungu popanda kumva kuwawa. Tinazungulira mpaka tinapeza mlatho wamitengo. Madzi akumwa tinali titatenga kunyumba, ndipo atatha tinapempha pa mjigo wa pasukulu ina. Kumudzi njira imadutsa pabwalo la munthu, choncho unali mwambo wathu kuchepetsa liwiro, kupereka moni, ndi kusamala ana ndi nkhuku.

Mayi a Dorika, amene ena ankawadera nkhawa, ndiwo anatisiya tonse. Anati anakulira pa njinga, kupita kuchigayo ndi kusikelo, ndipo chimene anatiphunzitsa n'chakuti chitenje chimangidwe mokweza pang'ono kuti tcheni isachigwire. Anafunsanso chifukwa chake maulendo a achinyamata mumpingo amakhala a pa lole nthawi zonse. Funso limenelo sitinaliyankhe.

Minga inabaya tayala limodzi pobwerera. Anyamata anatulutsa pampu, soloshoni ndi kachidutswa ka chubu chakale, ndipo posakhalitsa tinali panjira. Miyezi yabwino ya maulendo otere ndi Meyi mpaka Ogasiti. Ikafika Okutobala muyenera kunyamuka kusanache, ndipo mvula ikayamba, dothi la m'dambo limamata matayala mpaka njinga imakhala katundu wosenza.

Tinafika pa boma dzuwa lili pamutu, fumbi lili m'nsidze. Akulu a mpingo anatsika pang'onopang'ono, atagwira msana, nati chishalo chimenechi n'chofunika kusintha. Lachitatu m'mawa namwino anawaona akupita kugolosale pa njinga yomweyo, chishalo atachikulunga ndi siponji.