Ululu Watha, Koma Kakolo Wauma

Amayi anzanga, kodi munayamba mwaonapo mayi amene potsikira kudambo amayenda chammbali ngati nkhanu, kapena amene pokoleza moto amalephera kunjuta mpaka atatambasula mwendo umodzi kutsogolo? Mukamufunsa, adzakuuzani kuti anabinya phazi chaka chatha pochokera kumunda, nadzaonjeza kuti anachira kalekale. Ululu unathadi, koma kakolo anauma, ndipo kakolo wouma sachedwa kubinyanso, makamaka m'nyengo ya mvula pamene njira zili zoterera.

Pa kakolo pamakumana mafupa atatu. Awiri ndi a msongolo, lalikulu chamkati ndi laling'ono chakunja, ndipo nsonga zake ndizo timfundo tiwiri timene mumatikhudza mbali ino ndi inayo. Lachitatu, limene achipatala amalitcha talus, limakhala pamwamba pa fupa la chidendene, lopanidwa pakati pa awiri aja. Pamene bondo likupita kutsogolo chidendene chikadali pansi, fupa limeneli liyenera kutsetsereka pang'ono chammbuyo kuti msongolo upeze malo. Kuyenda pabwalo losalala kumafuna kuti kakolo apindike madigiri pafupifupi 10. Kutsika chitunda kumafuna oposa pamenepo, ndipo kunjuta kumafuna ochuluka ndithu. Tsono taganizirani tsiku la mayi: kunjuta pamafuwa, kunjuta pochapa, kunjuta kuchimbudzi, kenaka kutsika ndi kukwera atasenza ndowa ya malita 20, imene madzi ake okha amalemera makilogalamu 20. Kakolo akakana kupindika, thupi limaba njira ina. Phazi limalozera kunja, chidendene chimanyamuka msanga, bondo limagwera mkati, ndipo pakapita miyezi mayi amayamba kudandaula za bondo kapena chidendene, osadziwa kumene vuto linachokera.

Mungathe kudziyesa nokha popanda kulipira ndalama. Vulani nsapato, imani moyang'ana khoma, ikani phazi limodzi patsogolo, ndipo pindani bondo mpaka likhudze khoma, chidendene osachoka pansi. Likakhudza mosavuta, bwezani phazi m'mbuyo pang'ono ndi kuyesanso. Anthu ambiri a kakolo wabwino amakhudza khoma chala chachikulu cha kuphazi chili pa mtunda wa masentimita pafupifupi 10. Koma chofunika kwambiri si nambala ayi, ndi kuyerekeza miyendo yanu iwiri. Ngati wina ukutsalira moonekeratu, lembani kachizindikiro pansi ndi khala kuti mudzaone m'mene mukusinthira.

Poyesa chomwecho, mvetserani pamene pakuletsa. Mukamva kukoka kumbuyo kwa mwendo, ndiye kuti akatumba afupika. Mukamva ngati china chatsekereza kapena chikutsina kutsogolo kwa kakolo, ndiye kuti mfundo yeniyeniyo ndiyo yauma, zimene zimachitika kawirikawiri munthu akakhala m'chikhakha masabata 6 kapena kuposerapo. Kusiyanitsa ziwirizi ndiko kudziwa mankhwala ake, pakuti akatumba mungawatambasule nokha kunyumba, koma mfundo youma nthawi zambiri imafuna manja a munthu wophunzira.

Tiyambe ndi za kunyumba. Kumbuyo kwa mwendo kuli minofu ikuluikulu iwiri, wina pamwamba pa unzake, ndipo yonse imathera mu mtsempha wokhuthala wa kuseri kwa chidendene, wotchedwa Achilles, umene uli wolimba kuposa ina yonse ya mtundu wake m'thupi. Mnofu wapamwamba unayambira kumtunda kwa bondo. Wamkati unayambira kumunsi kwake. N'chifukwa chake muyenera kutambasula m'njira ziwiri. Gwirani khoma ndi manja onse, mwendo wovutawo uli kumbuyo, bondo lake lowongoka, zala zikuloza kukhoma, chidendene chili nganganga pansi. Tsamirani kutsogolo mpaka mumve kukoka, ndipo khalani chomwecho masekondi 30. Pumulani, bwerezani katatu. Kenaka sendezani phazi lomwelo pafupi pang'ono, pindani bondo lake, ndi kuchitanso chimodzimodzi. Apa kukoka mudzakumvera mmunsi, pafupi ndi chidendene. Njira yachiwiriyi ambiri amaisiya chifukwa siimveka kwambiri, chonsecho ndiyo imathandiza pa kunjuta. Chitani zimenezi m'mawa ndi madzulo, mutayendayendako kaye kuti thupi lifunde. Musamadzigwedeze ngati mukusinja. Kukoka kuzimveka, koma kusafike pokukutitsa mano.

Amene wangochotsedwa kumene chikhakha ndipo sanaloledwe kuponda mwamphamvu akhale pamphasa atatambalala, akolowetse chitenje kuphazi chakuzala, nakokere nsonga zake kwa iye pang'onopang'ono. Azizunguzanso phazi mozungulira, uku ndi uku, ngati akulemba zilembo m'malere ndi chala chachikulu. Koma ayambe wafunsa amene anamumanga chikhakhacho ngati fupa lalumikizika mokwanira.

Nanga ntchito ya manja ndi yotani? Katswiri wa fiziyo amakugonekani chagada, nagwira msongolo ndi dzanja limodzi kuti usasunthe, pamene dzanja lina likukankhira fupa lija la talus chammbuyo, pang'onopang'ono, mobwerezabwereza. Kayendedwe kake n'kakang'ono kwambiri kotero kuti woonerera angaganize kuti palibe chikuchitika. Njira imeneyi inatchuka ndi Geoffrey Maitland wa ku Australia. Pali inanso imene Brian Mulligan wa ku New Zealand anaiyambitsa m'zaka za m'ma 1980: inu mumaima, phazi lili pa kampando, katswiri nagwira talus kuti lisapite kutsogolo, nakoka msongolo ndi lamba, pamene inu mukupinda bondo. Lamulo lake la njira imeneyi ndi lakuti isapweteke. Ikapweteka, katswiri amasintha kagwiridwe kapena amaleka. Anthu ambiri amatsika pakampandopo bondo likufika patali kuposa poyamba. Komatu phindu limeneli silikhalitsa palokha. Manja amatsegula khomo chabe, ndipo mukapita kunyumba n'kukakhala osalimbikira zimene mwauzidwa, limatsekekanso. Chithandizo chotere chimapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndiponso ku Kachere ku Blantyre komweko. Kuchipatala cha boma la kwanu, funsani kwa oona za mafupa kuti akuuzeni kopita.

Tinenepo za kumudzi, pakuti pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi munthu wodziwika kuti amabwezera phazi lobinya. Ambiri mwa iwo ndi anthu a mtima wabwino, ndipo sitikuwanyoza. Koma kukoka phazi lotupa mwamphamvu mpaka limveke kuti thwa si chithandizo cha manja chimene tikunena pano. Pobinya, kawirikawiri phazi limapindikira mkati, ndipo timitsempha tomanga mafupa chakunja kwa kakolo timatanuka kapena kung'ambika. Palibe chimene chachoka m'malo choti chibwezedwe, ndipo kukokako kumangoonjezera bala. Choopsa koposa n'chakuti maso sangasiyanitse kubinya ndi kuthyoka. M'chaka cha 1992 madokotala a ku Ottawa, m'dziko la Canada, anafalitsa malamulo apafupi amene zipatala zambiri zimatsata mpaka lero. Ena mwa iwo mungawasunge pamtima: ngati wovulala sangathe kuponda mapazi anayi, kapena ngati akumva kuwawa mukadina pafupa penipeni, kunsonga kapena kuseri kwa timfundo tiwiri tija, apite akajambulidwe. Asakokedwe, asasisitidwe.

Kuthowa nako kuli ndi nthawi yake. Masiku awiri kapena atatu oyamba, madzi otentha amaonjezera kutupa. Nthawi imeneyo ikani nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, mangani mopanda kuthinitsa, ndipo pogona phazi likhale pamwamba pa mtsamiro. Kutupa kukatsika, pamenepo kuthowa ndi madzi ofunda musanayambe kutambasula n'kwabwino zedi, chimodzimodzi kusisita akatumba ndi mafuta pang'ono kuchokera kuchidendene kukwera kubondo. Odwala matenda a shuga achenjere, chifukwa mapazi awo nthawi zina samva kutentha, ndipo angapse osadziwa. Madzi aziyamba awayesa ndi chigongono.

Pali kutupa kwina kumene sikufuna dzanja la munthu aliyense. Katumba wa mwendo umodzi akatupa, natentha, namawawa, makamaka mwa mayi amene wangobereka kumene kapena amene wakhala m'chikhakha, mwina magazi aundana mumtsempha. Kusisita mwendo wotere kungathe kusuntha chotundanacho n'kukafika kumapapo. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Mayi woyembekezera amene watupa mapazi ndi nkhope, mutu ukumupweteka, nayenso asataye nthawi ndi kuthowa. Akayezetse kuthamanga kwa magazi.

Kakolo wofewa koma wopanda mphamvu ndi wosadalirika. Choncho, pamene mukudikira kuti madzi a nsima awire, gwirani mzati wa khitchini ndi kuima ndi mwendo wovulalawo wokha masekondi 30. Mukazolowera, siyani mzati. Nyanyamphirani pa zala kakhumi, potsika muzitsika mwapang'onopang'ono. Ndipo inu a m'tauni okonda gogoda, dziwani kuti chidendene chikamakhala m'mwamba tsiku ndi tsiku kwa zaka, akatumba amazolowera kufupika. Sitikunena kuti mutaye nsapato zanu zokongolazo. Zisungireni ukwati ndi tchalitchi, ndipo mukazivula madzulo pitani kukhoma kuja.

Musayembekeze kusintha m'masiku atatu. Bwererani pa kachizindikiro kanu ka khala kamodzi pa sabata. Ngati patapita masabata 6 mukulimbikira phazi silinasunthe m'mbuyo ngakhale pang'ono, kapena kakolo akumagwedera mukamayenda, kapena akutupabe madzulo aliwonse, tengani buku lanu la kuchipatala mukaonane ndi oona za mafupa, ndipo mukawauze tsiku limene munavulala ndi zonse zimene mwayesa kunyumba.