Ntcheu: boma limodzi, kwina chisanu kwina thukuta

Mwezi wa Juni, amayi ogulitsa kabichi ndi kachewere pa Lizulu amalawirira atavala majuzi awiriawiri, chitenje atafunda mpaka m'makutu. Tsiku lomwelo mlimi wa m'chigwa cha Bwanje amakhala ali kudimba ndi malaya okha. Onsewa ndi a boma limodzi la Ntcheu.

Chimasiyanitsa ndi kukwera kwa malo. Pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, mpweya umazizira ndi madigiri 6 kapena 7. Tsangano ili pamwamba pa mapiri a Kirk, pamene Bwanje ili m'munsi, njira ya kunyanja. N'chifukwa chake kachewere, mbewu yodana ndi kutentha, inakhazikika kumtunda.

Madigiri timamva pawailesiwa amatchedwa ndi dzina la Anders Celsius wa ku Sweden, amene anakonza muyezo wake mu 1742. Pa muyezo umene timagwiritsa ntchito lero madzi amaundana pa 0 n'kuwira pa 100, koma 100 ameneyo ndi wa m'mbali mwa nyanja yamchere. Kumapiri madzi amabwadamuka msanga, cha m'ma 95, asanatenthe mokwanira. Nyemba zikamachedwa kupsa ku Tsangano, musathamangire kunena nkhuni.

A zanyengo sayeza padzuwa. Themomita amaiika m'kabokosi koyera kokhala ndi mipata yolowera mphepo, kotalikira pansi kuposa mita imodzi. Choncho akalengeza 32 mu Okotobala, akunena za pamthunzi. Amene ali m'nyumba ya malata yopanda siling'i, kapena akuyenda pa phula la msewu wa M1 masana, akupsa kuposa pamenepo.

Kumene nambalazi zimakhudza moyo kwenikweni ndi kuchipatala. Pakhomo timadalira kugwira mwana pamphumi, koma dzanja limanama. Mayi wochokera kotsuka mbale m'madzi ozizira amamva ngati mwana aliyense watentha, pamene wochokera pamoto sangamve kanthu ngakhale malungo atayamba. Themomita ya m'khwapa ilibe zimenezo: thupi labwino limakhala cha pa 37, ndipo ikawerenga 37.5 kapena kuposa, azaumoyo amati latentha.

Mbali imene ambiri timaiiwala ndi yotsika. Khanda likatsika pansi pa 36.5 ndiye kuti lazizidwa, ndipo kwa lobadwa masiku asanakwane zimenezi zimapha. Anamwino akamaumirira kuti khanda likhale pachifuwa cha mayi, khungu kukhudza khungu, kachipewa kali kumutu, sakuvutitsa munthu ayi, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumapiri kuno. Nayenso katemera ali ndi malire ake: ambiri amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo ena akaundana m'furiji atha ntchito.

Komabe themomita imangonena kuti thupi latentha, sinena chatenthetsa. Makolo, mwana akatentha thupi musagonetse, pitani naye akamuyeze magazi tsiku lomwelo.