Ndalama zolerera ana ziyambire pa zosowa za mwana

Ku Kamwala, mu Lusaka, ndalama zimayamba kuyenda mbandakucha, koma zambiri sizisiya phazi papepala. Wokankha wilibala, wogulitsa salaula pa msika wa Luburma, wokhala m'kabuthi ka mobile money, wopikula katundu m'mashopu kuti akagulitse pa kantemba ku Chawama kapena ku Kanyama, onsewa amapeza ndithu, kungoti palibe amene amawalembera payslip. Banja likatha, woweruza n'kufunsa bambo kuti amapeza zingati pamwezi, yankho lodziwika ndi lakuti sali pantchito, amangogwira timapisiweki. Mawu amenewo akakhala maziko a chigamulo, mwana waluza mlandu umene sanaupalamule.

Ku Zambia ukwati umathera pa makomo awiri. Wolembetsa kuboma umathetsedwa ndi High Court potsata lamulo la Matrimonial Causes Act la 2007, pomwe wachikhalidwe, umene ndi wa anthu ambiri a m'makomboni, umathera ku Local Court, kumene munthu amadziyankhulira yekha popanda loya. Mu 2022 kunabwera Children's Code Act, imene inalowa m'malo mwa lamulo la 1995 lokhudza kulera ana. Mfundo yake njomveka: mwana ndi udindo wa makolo onse awiri, kaya anakwatirana kaya ayi. Koma lamuloli silinena kuti mwana mmodzi ndi makwacha akutiakuti. Khoti limayang'ana zosowa za mwanayo ndi zimene kholo lililonse limapeza kapena lingathe kupeza, kenako limagamula. Kwa mphunzitsi kapena msilikali nkhani njapafupi, pakuti malipiro ake ali poyera ndipo angathe kudulidwa asanafike m'thumba. Kwa wa geni, khoti limatsala ndi mawu a pakamwa pake.

N'chifukwa chake kuwerengera kuyenera kuyambira pa mwana. Zimene mwana amadya sizibisika ngati phindu la shopu. Thumba la ufa la makilogalamu 25, malasha, ndiwo, sopo ndi lendi ya chipinda zili ndi mitengo yodziwika kwa aliyense wa m'komboni. Bungwe la JCTR limalengeza mwezi uliwonse ndalama zimene banja la anthu asanu limafunika kuti likhale moyenera mu Lusaka, ndipo mu 2024 zinapitirira K10,000, pamene malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba anali K1,300. Mayi wotsala ndi ana atatu pa malipiro otere amagula ufa wa pamela tsiku ndi tsiku, mapeto ake amagwa m'kaloba. Sukulu za boma n'zaulere kuyambira 2022, inde, koma yunifolomu, nsapato ndi makope ndi za kholo. Mtengo wa mwana ukadziwika, m'pamene bambo afotokoze mbali imene angakwanitse, ndipo asonyeze umboni. Amene amalipira lendi ya shopu, kuoda mabelo, kuponya chilimba sabata iliyonse ndi kulandira ndalama pafoni sangangoti alibe kanthu, khoti n'kuvomera.

Amalonda angayankhe kuti geni njosapanganika, Disembala amagulitsa, Januwale amangokhala. Zimenezo n'zoona, ndipo chigamulo chopitirira mphamvu za munthu chimangobala ngongole ndi kuthawa. Komabe mwini shopu amalandira lendi yake ngakhale mwezi wovuta, chifukwa wamalonda amasungira padera m'miyezi yabwino. Mwana angasungiridwe chimodzimodzi. Ena amati ali ndi banja latsopano. Ana a kumeneko nawonso ayenera kudya, ndipo khoti liyenera kuwawerengera, koma kugawa pang'ono kwa onse kumasiyana ndi kufufuta oyambawo. Dandaulo lomveka kwambiri ndi lakuti mayi adzadya ndalamazo ndi mwamuna wina. Ngati nkhawa ndi imeneyo, njira ilipo yopempha kuti gawo lina lizipita mwachindunji kwa mwininyumba kapena likhale thumba la ufa. Tisaiwalenso kuti mayi amene amasambitsa mwana, kumugoneka ndi kuchezera naye usiku ku kiliniki walipira kale mbali yake ndi nthawi imene akanakhala ali pamsika.

Palinso amene amabisala kumbuyo kwa mwambo, amati kwa Achewa, Ansenga ndi Abemba ana ndi a kuchikazi, choncho awaone amalume awo. Mwambowo unkayenda bwino pamene mbumba inali ndi munda ndi nkhokwe pamudzi. Malume wa ku George kapena ku Mtendere amachita lendi zipinda ziwiri ndipo ali ndi ana ake omulirira. Lamulo silimutchula iyeyo, limatchula kholo.

Chotsala n'chakuti ndalama yogamulidwa imakalamba msanga. Yokwanira mu 2021 sinagulenso zomwezo chilala cha 2024 chitakweza mtengo wa ufa. Kholo lililonse lili ndi ufulu wobwerera kukhoti kukapempha kuti ndalamayo ikwezedwe kapena itsitsidwe zinthu zikasintha, ndipo amayi osadziwa poyambira angapite ku Legal Aid Board, ku National Legal Aid Clinic for Women kapena ku Victim Support Unit ya apolisi, atanyamula pepala la chigamulo ndi malisiti a zimene amagulira ana.