Pabwalo poyera mbee njuchi idzadya chiyani?

Pali dandaulo limene limamveka kawirikawiri m'makomo mwathu dzinja likafika pakati. Maungu ayanga bwino, nkhwani wabiriwira, chiluwe chili mbwee, koma timaungu tikangokula kufika ngati dzira timasanduka tachikasu n'kuthothoka. Ena amati mbewu yake ndi yoipa, ena amati nthaka yaguga, ndipo enanso, ngakhale ali obatizidwa, amayamba kumuyang'ana mnansi wawo ndi diso lokayika. Zochititsa zilipo zingapo, kuphatikizapo ntchentche zija zoboola zipatso. Koma chimodzi chachikulu, chimene sichitchulidwa konse, n'chakuti duwalo silinalandire mlendo.

Dzungu limakhala ndi maluwa a mitundu iwiri pa chomera chimodzi, ndipo amayi amawasiyanitsa popanda wowauza. Lina limakhala pa kaphesi kakatali kowonda, ndilo amathyola kuphatikiza ndi nkhwani. Lina limakhala ndi kadzungu kumbuyo kwake, limenelo salikhudza. Loyambalo ndi lalimuna, lili ndi mungu. Lachiwirilo ndi lalikazi. Mungu wa dzungu ndi wolemera ndiponso womata, mphepo singaunyamule. Duwalo limatseguka m'bandakucha, dzuwa likamafika paliwombo lafota kale, ndipo silidzatsegukanso. M'maola ochepawo njuchi iyenera kulowa m'duwa lalimuna, kudzola mungu thupi lonse, n'kukautula m'duwa lalikazi, osati kamodzi kokha koma maulendo angapo. Ikapanda kubwera, mlimi walima, wapalira, mvula yagwa, koma dzungu palibe.

Si maungu okha. Lipoti la bungwe la IPBES la m'chaka cha 2016 linasonyeza kuti pafupifupi mitundu 75 pa 100 iliyonse ya mbewu zikuluzikulu za chakudya padziko lapansi imadalira, pang'ono kapena kwambiri, zamoyo zonyamula mungu. Chimanga, mpunga ndi mapira sizili m'gulu limeneli. Izo mphepo imazikwanira, kapena duwa limadzithandiza lokha. Choncho njuchi zitatha nsima ikhoza kukhalapobe. Chimene chingachepe ndi cha m'mbale inayo: maungu, nkhaka, mavwende, mapeyala, mango, mafuta a mpendadzuwa, ngakhale njere za mpiru zofesa chaka chamawa. Ndipo tonse tikudziwa kuti mwana wokhuta nsima yokha amanyentcherabe.

Antchito amenewa ndi ambiri kuposa momwe timaganizira. Mitundu ya njuchi padziko lonse ndi pafupifupi 20,000, ndipo yochuluka sipanga uchi kapena kukhala m'ming'oma. Imakumba timaenje m'nthaka kapena kuboola mitengo youma, iliyonse payokha. Bemberezi uja timamuthamangitsa chifukwa choboola mitengo ya denga ndiye bwenzi la nandolo ndi magalagadeya. Amathanso kugwedeza duwa la biringanya mpaka mungu utatuluka, luso limene njuchi ya uchi ilibe. Ntchentche zimathandiza mango. Choso amathandiza mitengo ya maluwa ofiira. Duwa la mlambe ndi la mvunguti limatseguka madzulo kuyembekezera alendo ausiku, mileme ndi agulugufe akuluakulu oyenda mumdima, kotero kuti aliyense wokonda malambe ali ndi ngongole kwa cholengedwa chimene ambiri safuna n'kuchiona komwe.

Nanga mkuyu? Makolo anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mwambiwo ndi woona pa zimene umaphunzitsa. Komabe tizilombo tambiri timene timapezeka m'nkhuyu si nyerere ayi, ndi timavu ting'onoting'ono. Maluwa a mkuyu ali m'kati mwa nkhuyu momwemo, ndipo kamavu kakakazi kamalowa pa kabowo ka kunsonga katanyamula mungu. Popanda iko njere ya mkuyu singakhwime. Chimene diso limachiyesa chilema ndicho chimabereketsa mtengowo.

Tsono funso ndi ili: maungu amachita maluwa milungu yowerengeka pachaka. Miyezi yotsalayo antchitowa amadya kuti? Kale yankho linali m'tchire. Mchenga unkachita maluwa mvula ili kumapeto. Msangu, mtengo wodabwitsa uja woyoyola masamba m'dzinja n'kubiriwira m'chilimwe, unkatsatira nyengo yozizira, pamene maluwa ena ali osowa. Muwale unkafiira nthambi zili zopanda tsamba. Kutentha kukafika, mombo ndi tsamba zinkadzaza nkhalango ndi fungo, katope akuchita zake m'mbali mwa mitsinje. Unali ngati mndandanda wa alaliki wolembedwa bwino, palibe Sabata lopanda woima kutsogolo. Lero m'madera ambiri mitengo imeneyi inapita ku makala, ku nkhuni ndi ku zigafa za fodya, ndipo moto wosakira mbewa umamaliza zotsalazo. Kuyambira Juni mpaka Okutobala njuchi ya m'midzi yotere imayenda mtunda wautali osapeza pokatera.

Pamenepa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza mipingo. Pamudzi uliwonse malo a tchalitchi ndi ena mwa malo ochepa amene sagawidwa, salimidwa chaka ndi chaka, ndipo anthu amawalemekeza. Koma ulemuwo timauonetsa ndi tsache ndi khasu. Loweruka bwalo limapalidwa mpaka kuyera mbee, zinyalala n'kutenthedwa, m'mbali mwa njira n'kuikamo miyala yopaka laimu. Zobzalidwa zimakhala jakaranda ndi boganiviliya, zochokera ku South America, kapena mzere wa bulugamu wochokera ku Australia. Sitikunena kuti zizulidwe. Bulugamu amapatsa njuchi timadzi tambiri panyengo yake, ndiponso chimanga ndi maungu omwewo anachokera ku America. Koma mitundu iwiri kapena itatu singadyetse zamoyo chaka chonse, ndipo timavu ta mkuyu kapena njuchi yokumba pansi sizipezapo kanthu pa bwalo louma ngati simenti.

Pa Genesis 2:15 munthu anapatsidwa ntchito ziwiri m'munda, yolima ndi yosamala. Yoyambayo imalalikidwa kwambiri kuposa inzakeyo. Pa Levitiko 19:9-10 Aisraele analetsedwa kukolola mpaka m'mphepete mwenimweni mwa munda. Lamulo limenelo linali loteteza osauka ndi alendo, ndipo sitifuna kulipotoza kuti linene za njuchi. Komabe likutionetsa mtima wa Mwini munda, amene safuna kuti dzanja la munthu lifike paliponse n'kusesa zonse.

Nanga aphunzitsi a zimenezi achokera kuti? Ali kale m'mabenchi mwathu. Ndi agogo aja amene amadziwa luni, denje ndi chewe zikadali timasamba tiwiri, amene angakuuzeni mwezi umene mpoza, nthudza ndi maye zimachita maluwa. Ana a masiku ano amatha kutchula mayina a osewera mpira a ku England khumi ndi mmodzi, koma muwafunse mitengo isanu ya m'mudzi mwawo, amangoyang'anana. Maliro alionse a nkhalamba akukwirira mayina amene sanalembedwe paliponse. Ntchito yoyamba tsono si kugula mbande. Ndi kutenga kope, kukhala pansi ndi akuluakuluwo pambuyo pa msonkhano wa amayi Lachinayi, n'kulemba mwezi ndi mwezi chimene chimachita maluwa m'deralo. Mwezi umene watsala wopanda dzina ndiwo ukuuzeni chobzala.

Kuphunzitsana kotere si kwachilendo kuno. Ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities inayamba m'chaka cha 2000 pa chipatala cha mishoni cha Ekwendeni, pofuna kuthana ndi kunyentchera kwa ana, ndipo inakula chifukwa alimi ankayesa okha nandolo, mtedza ndi mbewu zina m'minda mwawo n'kumaphunzitsa anzawo. Mlimi amakhulupirira chimene waona m'munda wa mnzake kuposa chimene wamva pa msonkhano.

Ana a Sande sukulu nawo sasowa bolodi. Atumeni tsiku lina m'mamawa akakhale pafupi ndi duwa limodzi la dzungu kwa mphindi 10, awerenge alendo olowamo. Kenako aonetseni kuthyola duwa lalimuna, kuchotsa zophimba zake, n'kukhudzitsa mungu pakati pa duwa lalikazi, amange kansalu pamenepo kuti adzaone dzungu lawo likukula. Mwana amene wagwirapo yekha ntchito ya njuchi saponyanso mwala pa dzombe la njuchi. Amayi nawo akumbutsane kusathyola chiluwe chonse m'mawa. Chidikire mpaka masana njuchi zitamaliza.

Phunziro lovuta ndi la mankhwala. Chifikireni ntchemberezandonda m'nyengo ya 2016 ndi 2017, kupopera kwachuluka, ndipo sitingamuuze mlimi kuti angoonerera chimanga chake chikutha. Koma pali kusiyana pakati pa kupopera m'mawa njuchi zili pantchito ndi kupopera madzulo zitabwerera. Palinso kusiyana pakati pa kuthira pa chimanga chokha ndi kuwaza munda wonse pamodzi ndi maungu ndi nyemba zimene zili pa maluwa.

Otsutsa adzakhalapo, ndipo ena mwa mawu awo ndi anzeru. Adzati tchire limabweretsa njoka ndi udzudzu, ndipo alendo a ku sinodi akadzaona udzu adzati mpingo uno ndi waulesi. Tiwayankhe mofatsa kuti pakhomo, m'njira ndi posewerera ana papitirire kuseseka. Chimene tikupempha ndi ngodya imodzi, kapena mzere wa m'malire, wotchingidwa kuti mbuzi zisalowe, wolambulidwa m'mbali kuti moto usafike, ndi chikwangwani chonena kuti pasiyidwa dala. Ming'oma isaikidwe pafupi ndi tchalitchi kapena sukulu. Maluwa okha ndi okwanira, ndipo njuchi imene ili pa duwa siluma wosaiputa. Mukaika mbale ya madzi m'chilimwe, muikemo timiyala toterapo, madziwo muzisintha masiku awiri alionse kuti udzudzu usaswane.

Chosangalatsa n'chakuti mitengo yambiri sifunika n'kubzala komwe. Ku Niger, dziko louma kuposa lathu, mmishonale wa ku Australia Tony Rinaudo anazindikira m'chaka cha 1983 kuti zitsamba zimene alimi ankadula chaka ndi chaka zinali mphukira za zitsa zamoyo. Anayamba kuphunzitsa alimi kusiya mphukira zochepa zolimba pa chitsa chilichonse n'kudulira zinazo, ndipo njira imeneyi inabwezeretsa mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni. Zitsa zotere zili mbwee m'minda ya mipingo yathu, mizu yake ndi yozama kale, ndipo mtengo wake umakula msanga kuposa mbande ya m'chubu.

Tsiku la 20 Meyi, limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2017 kukhala lokumbukira njuchi, limagwa bwino kwa ife, chifukwa anthu amakhala akumaliza kukolola ndipo nkhwangwa ndi moto zisanayambe. Ndi nthawi yoyendera munda wa mpingo n'kuika zizindikiro pa zitsa zoti zisungidwe. Njere za msangu zimatoledwa m'chilimwe; chikopa chake n'cholimba, choncho zimafunika kuzikanda pang'ono kapena kuziviika m'madzi otentha, n'kuzifesa pofika Okutobala kuti mbande zidzakhale zokonzeka nyengo yobzala mitengo ikamayamba pa 15 Disembala.

Masuku amafuna chisamaliro china. Mtengo wake ulipo waumuna ndi waukazi, ndipo waumunawo subereka chipatso ngakhale chimodzi, koma ndiwo uli ndi mungu. Odula mitengo awuzidwe zimenezi asanaugamule kuti ndi wouma mtima. Njere zakenso sizisungika: zikangouma zafa. Choncho ana akamadya masuku mu Novembala ndi Disembala, njerezo zisatayidwe kudzala. Zitsukidwe n'kufesedwa sabata lomwelo, m'dothi lotapa pansi pa msuku waukulu.