Mavuto a Mkodzo Pambuyo pa Uchembere: Mankhwala Ake Ali Pamphasa Panu

Amayi a kwa Mwenewenya ndi madera ozungulira, lero tikambirane nkhani imene ambiri amaibisa ngakhale kwa amuna awo. Kodi chibadwire mwana wanu, mumaona timadontho ta mkodzo tikutuluka tokha mukatsokomola, mukayetsemula, mukaseka kapena mukamadzitwika ndowa pamjigo? Ngati ndi choncho, dziwani kuti simuli nokha, pakuti mwa amayi atatu alionse amene angochira kumene, mmodzi amakumana ndi vutoli m'miyezi yoyamba. Ena asiya kuvina paukwati, ena amakhala kumbuyo m'tchalitchi poopa fungo. Koma si kulodzedwa ayi, ndiponso si chilango cha uchembere.

M'munsi mwa chiuno, kuchokera pachinena kufika kufupa la kumbuyo, muli minofu yoyalana ngati lichero. Ndiyo imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo, ndiponso ndiyo imatseka njira ya mkodzo ndi ya chimbudzi. Kulemera kwa pathupi miyezi 9 ndi kudutsa kwa mwana kumatamula minofuyi. Imafooka koposa ngati matenda anatenga nthawi yaitali, mwana anali wamkulu, kapena mayi akubereka pafupipafupi.

Mwayi wake ngwakuti minofu imeneyi imalimbanso ikamagwiritsidwa ntchito. M'chaka cha 1948 dokotala wa ku America, Arnold Kegel, anafalitsa njira yoilimbitsira, ndipo mpaka lero anamwino amaiphunzitsa. Siilira ndalama kapena chipangizo.

Yambani motere. Gonani chagada pamphasa, mawondo mutapinda. Finyani kumunsi monga muchitira pogwira mpweya woipa pagulu, ndi pogwira mkodzo nthawi yomweyo, ndipo mumve ngati mukukokera m'kati ndi m'mwamba. Gwirani mukuwerenga mpaka 3, kenaka masulani kwa nthawi yofanana. Bwerezani ka 10. Mukatero finyani ndi kumasula msangamsanga ka 10. Chitani zimenezi katatu patsiku: m'mawa, masana ndi madzulo. Mphamvu zikamabwera, onjezani kuwerenga pang'onopang'ono mpaka mufike 10, ndipo muyambe kuchita muli chikhalire, kenaka chiimire. Kuti musaiwale, mungathe kuchita nthawi imene mukuyamwitsa, pakuti palibe angadziwe.

Samalani zinthu zitatu. Musagwire mpweya, pumani monga mwa masiku onse. Musalimbitse matako kapena ntchafu m'malo mwa minofu yeniyeniyo. Musazolowere kudukiza mkodzo pamene mukutaya madzi, chifukwa otsalira m'chikhodzodzo amaitana matenda.

Mayi amene wachira bwinobwino angayambe patangopita masiku owerengeka, akadali m'chikuta, ululu ukachepa. Amene anasokedwa kapena anachira mwa opaleshoni ayambe wafunsa anamwino. Kuyenda pang'onopang'ono pamalo athyathyathya nkothandizanso. Koma kulumpha chingwe ndi mpira wa ntchemberembaye zidikire miyezi itatu ithe, ndiponso kudontha kutaleka.

Tsono zolimbitsa thupizi sizingapindule ngati katundu akuphwasula zimene mukumanga. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo kukwera nayo chitunda, mwana ali kumsana, kumakankhira kulemera konseko pa minofu yofookayo. M'masabata 6 oyamba apongozi, alamu ndi abambo a mwana athandize kutunga madzi, kusenza nkhuni ndi kusinja. Ngati kunyamula sikungapeweke, finyani kumunsi musanadzutse katunduyo, ndipo teroninso musanatsokomole. Pewani kudzimbidwa podya nkhwani, chisoso, nyemba ndi mapapaya. Musachepetse madzi akumwa poopa kudontha, pakuti woyamwitsa amafuna madzi ambiri, ndipo mkodzo wochepa wofiirira umangosautsa chikhodzodzo.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Kusintha kumayamba kuoneka pakapita masabata angapo, koma limbikirani kwa miyezi itatu yathunthu musanagwe mphwayi.

Komabe alipo mavuto amene pamphasa sangathere. Ngati mkodzo kapena chimbudzi chikungotuluka usana ndi usiku osalekeza, makamaka pamene matenda anatenga masiku kapena mwana anapita padera pobadwa, mwina ndi fistula, bowo long'ambika pakati pa chikhodzodzo kapena matumbo ndi njira yotulukira mwana. Limeneli limatsekedwa ndi opaleshoni, ndipo pachipatala cha Bwaila ku Lilongwe pali malo apadera othandizira amayi otere. Chimodzimodzinso ngati mukumva chinthu chikutsika kapena kutuluka kumaliseche, mukumva kuwotcha pokodza, thupi likutentha, kapena miyezi itatu yatha popanda kusintha, pitani kuchipatala cha Wenya. Zikawakanika kumeneko adzakutumizani kuchipatala chachikulu cha boma la Chitipa.

Mukapita kukapimidwa pamene mwana wakwanitsa masabata 6, anamwino sangalote vuto lanu mukapanda kulitchula. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nenani mosabisa, ndipo pemphani kuti akuoneni ngati mukufinya minofu yoyenera. Inu anakubala ndi alangizi, powalangiza ana anu za kusamala khanda, onjezanipo phunziro ili. Ndipo inu amene munabereka kalekale, musati nthawi yapita: minofuyi imamva ngakhale kwa agogo.