Sipeyala ya galimoto yakale sitiyenera kuigulitsa pa sikelo

Galimoto zamjaha zakale, zija za mipando iwiri zomwe anthu a ku Ulaya ndi ku Japan amasunga ngati chuma, n'zosowa m'misewu ya ku Mulanje. Koma chomwe chimasowetsa tulo eni ake n'chomwechonso chimavuta mwini Land Rover yomwe idapuma ntchito m'minda ya tiyi, kapena mwini Nissan 1400 yonyamula nanazi kupita nazo ku Limbe: kachipangizo kamodzi kathyoka, kampani idasiya kalekale kukapanga, wogulitsa masipeyala wapukusa mutu. Land Rover Defender yachikale idasiya kupangidwa ku Solihull mu Januwale 2016, Nissan 1400 ku South Africa mu 2008, pomwe Peugeot 504, yomwe idayamba mu 1968, idakokera mpaka 2004 ku Kenya. Ambiri akamva zaka zimenezi amangoti basi, yatha ntchito, n'kuyiika pamiyala. Komatu nthawi zambiri chipangizocho chimakhala chilipo. Chosowa ndi munthu wodziwa dzina lake lenileni ndi komwe chagona.

Makampani sapangira galimoto iliyonse zipangizo zakezake, chifukwa kutero n'kuboola thumba. Injini ya 4A-GE yomwe Toyota idaika mu galimoto yamjaha ya MR2 idalowanso m'ma Corolla ena, ndipo injini ya Nissan 1400 ndi ya banja limodzi ndi ya Datsun 120Y yomwe akuluakulu amaikumbukira. Ma beyaring'i, malamba, mapulagi ndi masefa ambiri amapangidwa ndi makampani ena potsata miyeso yodziwika, motero amakwana m'galimoto zosiyanasiyana. Apa mpamene pagona nkhani. Munthu akafika pashopu ku Chitakale kapena ku Limbe n'kunena kuti akufuna pampu ya madzi ya galimoto ya 1989, mnyamata wapakauntala, yemwe mwina adabadwa galimotoyo itakalamba kale, amayankha kuti zimenezo zidatha. Koma akapita ndi nambala ya chesisi, nambala ya injini ndi nambala yodindidwa pa chipangizo chakuthacho, n'kuchinyamulanso m'manja kuti ayerekeze, kusaka kumaphweka. Nambala yomweyo ndiyo mungatumize pa WhatsApp kwa mbale wa ku Johannesburg, ndipo tili ndi mwayi poti galimoto za ku South Africa, ku Britain ndi ku Japan zili ndi chiwongolero kumanja ngati zathu.

Nkhokwe yaikulu ya masipeyala otere si shopu ayi, ndi galimoto zakufa zomwe zili kuseri kwa magalaja ndi m'makomo mwa anthu. Mvula ya ku Mulanje ndi chinyezi cha chiperoni zimadya bodi msanga, koma giyabokosi, difu ndi mutu wa injini zimatha kukhala zaka zambiri zili bwino ngati mafuta sadachokemo. Chomvetsa chisoni n'chakuti zimenezi zikuthera kwa ogula zitsulo zakutha, omwe amapima pa sikelo n'kulipira potengera kulemera. Giyabokosi yomwe ikadadzutsa galimoto ya wina ku Limbuli imagulidwa pamtengo wa khasu lothyoka, n'kukasungunulidwa. Mwini wake amasangalala kuti wasesa pabwalo, osadziwa kuti wataya chinthu chomwe fakitale iliyonse sidzapanganso.

Ena anganene kuti makampani ayambiranso kupanga zipangizo zakale, ndiye kudandaula n'kwa chiyani. Zoonadi, Nissan idayamba mu 2017 kupanganso zipangizo za Skyline GT-R, Toyota nayo mu 2020 idatero ndi Supra. Koma amenewo akusangalatsa anthu a ndalama zawo omwe galimoto n'choseweretsa cha Lamulungu. Wa ku Nkando sali m'maganizo mwawo, ndipo kuyambira pomwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse choitanitsa kunja n'chowawa mtengo, osanena za msonkho ndi kusowa kwa ndalama zakunja.

Chotsutsa chomwe chili ndi mphamvu n'cha ngozi, ndipo ichi sitingachinyoze. Chipangizo chochotsedwa m'galimoto yakufa sichinena kuti chayenda mtunda wotani, ndipo kuwotcherera kumabisa mng'alu. Pa mabuleki, pa chiwongolero ndi pa zonse zogwira matayala, mwini galimoto agule zatsopano kwa opanga odziwika, zikasoweratu aimike galimotoyo. Makhotakhota a ku Thyolo si malo oyeserapo ngati amakaniko adawotcherera bwino. Koma zimenezi sizikhudza chitseko, nyali, galasi, sitata kapena bushi yomwe mmisiri wa makina osemera zitsulo angaipange atapima yakale. Kuletsa zonse chifukwa cha zochepa zoopsazo n'kulanga mphawi pachabe.

Palinso oti galimoto yakale ingotayidwa, munthu aitanitse ina kuchokera ku Japan. Iwo aiwala kuti yochokera ku Japan nayo imafika itatha kale zaka, ndipo posachedwa idzasowanso masipeyala, makamaka a magetsi ndi kakompyuta koyendetsa injini, zomwe palibe mmisiri angaziseme. Vuto lomweli likubwera kwa aliyense, ndipo lidzakhala lolimba kuposa la Land Rover ya m'tiyi. Choncho inu amene muli ndi galimoto yakufa pakhomo, musanaitane wa sikelo, itanani amakaniko amasule zomwe zili bwino, azipake girisi, alembe nambala zake ndi mtundu wa galimoto, muzisunge pouma. Wa sikelo mumugulitse bodi yadzimbiriyo.